Mwana akasankha kukaphunzira za umbanda ku yunivesite

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, m'makomo ambiri mumabuka nkhani imodzi: mwanayu akaphunzire chiyani? Unamwino, uphunzitsi, uloya ndi zowerengera ndalama ndi ntchito zomwe kholo lililonse limazidziwa, ndipo likhoza kuloza munthu wa pa boma pomwepo amene akudya bwino kaamba ka maphunziro amenewa. Koma aliponso achinyamata ena omwe amabwera ndi dzina lachilendo lomwe adaliona pa intaneti kapena m'mafilimu a apolisi, loti criminology.

M'Chichewa tingati awa ndi maphunziro a za umbanda. Kholo lomva koyamba likhoza kudzidzimuka nkufunsa ngati mwanayo akufuna kukaphunzira kuba. Mwana naye kawirikawiri amakhala ndi chithunzi chake cholakwika. Amadziona atavala magolovesi, akutola zidindo za zala pamalo pomwe paphedwa munthu, kenaka nkukagwira chigawenga dzuwa lisanalowe, monga zimakhalira pa kanema. Onse awiri aphonya, ndipo kuphonya kotere kukhoza kuonongetsa banja ndalama za zokolola za zaka zinayi.

Maphunzirowa saphunzitsa munthu kuthamangitsa wakuba, kugwira mfuti kapena kupima mtembo. Saphunzitsanso kuimira munthu pa mlandu. Ntchito yake ndi kufunsa mafunso nkufuna mayankho okhala ndi umboni. Nchifukwa chiyani anthu ena amaphwanya malamulo pomwe anzawo a moyo wofanana nawo satero? Bwanji umbava umachuluka pa ngodya imodzi ya msika osati inayo? Kodi ndende imasintha munthu kapena imangomunola? Nanga adagamula ndani kuti chakutichakuti chikhale mlandu?

Mutu wa wakuba

Mafunsowa ndi akale. M'chaka cha 1764, mnyamata wina wa mumzinda wa Milan ku Italy, Cesare Beccaria, adalemba kabuku kotsutsa mchitidwe wozunza oganiziridwa milandu pofuna kuti aulule, komanso chilango chonyonga. Mfundo yake yaikulu idali yoti chomwe chimaopseza munthu wofuna kulakwa si kukula kwa chilango ayi, koma kudziwa kuti agwidwa ndithu ndipo alangidwa msanga. Kafukufuku wa zaka zambiri wakhala akugwirizana naye. Wakuba njinga sakhala pansi nkuwerengera ngati majisitireti adzampatse zaka zitatu kapena zisanu. Amangoyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati pali womuona.

Patapita zaka zoposa 100, dokotala wina wa ku Italy komweko, Cesare Lombroso, adabwera ndi maganizo ena. Iye ankayeza zibade, nsagwada ndi makutu a akaidi, ndipo m'buku lake la m'chaka cha 1876 adati alipo anthu obadwa kale ali zigawenga, omwe ungawazindikire pongowayang'ana nkhope. Anthu ambiri ophunzira adamukhulupirira.

Yemwe adagwetsa mfundoyi ndi dokotala wa m'ndende za ku England, Charles Goring. Iye adayeza akaidi pafupifupi 3,000 nkuwayerekeza ndi anthu ena omwe sadali m'ndende, monga asilikali ndi ophunzira a m'mayunivesite. Zotsatira zake, zomwe zidatuluka m'chaka cha 1913, zidaonetsa kuti nkhope ya chigawenga kulibe.

Nkhani ya madokotala awiriwa imaphunzitsidwa m'chaka choyamba cha digiri, ndipo si mbiri chabe. Maganizo a Lombroso adafa m'mabuku koma akadali moyo m'misika yathu, momwe mnyamata amatha kumenyedwa, mwinanso kuotchedwa, chifukwa choti wina wakuwa kuti wakuba ndipo maonekedwe ake akuti ndi okayikitsa. Chomwe wophunzira amatolapo nchoti maganizo, ngakhale atachokera kwa munthu wa mabuku, amayenera kuyesedwa poyerekeza gulu lina ndi linzake.

Wina yemwe dzina lake silisowa m'kalasi ndi Edwin Sutherland wa ku America. M'chaka cha 1939 iye adadzudzula akatswiri anzake kuti amangofufuza milandu ya amphawi, nkumati umphawi ndiwo gwero la umbanda, pomwe mabwana a m'maofesi amaba zochuluka kuposa pamenepo ndi cholembera. Patatha zaka 10 adatulutsa buku lounika makampani 70 akuluakulu a m'dziko lakelo, kuonetsa momwe amaphwanyira malamulo mobwerezabwereza popanda wowatchula kuti ndi mbava.

Mmalawi aliyense yemwe adaona za m'chaka cha 2013 safunika kumufotokozera zambiri. Nkhani ya Cashgate idaphulika mwezi wa September chaka chimenecho, yemwe adali mkulu woona za ndondomeko ya chuma cha boma, Paul Mphwiyo, ataomberedwa ku Lilongwe. Kauniuni wa kampani ya ku Britain ya Baker Tilly adapeza kuti boma linkalipira makampani omwe sadapereke katundu kapena kugwira ntchito ina iliyonse, ndipo zina mwa zolembedwa zinkafufutidwa m'makompyuta. Ndalama zomwe zidatchuka kwambiri pa nkhaniyi ndi K24 biliyoni. Palibe chikwanje chomwe chidagwira ntchito potulutsa ndalamazi, ndipo palibe zenera lomwe lidaswedwa.

Kuwerenga zomwe sizifika kupolisi

Chomwe chimadabwitsa ophunzira ambiri nchoti digiriyi ili ndi masamu. Yemwe adasankha criminology pothawa manambala amakawapeza akumudikira m'chaka chachiwiri, m'maphunziro a statistics ndi a kachitidwe ka kafukufuku. Sangawazembe, poti apa ndi pamene pagona luso lomwe olemba ntchito angalipirire.

Vuto loyamba lomwe amaphunzira nloti mabuku a kupolisi sanena zonse. M'mabukumo mumalowa milandu yokhayo yomwe wina wapita kukanena. Mayi yemwe amubera mapira kumunda, polisi ili mtunda wa makilomita 20, sangalipire kabaza kupita ndi kubwera pa chinthu choti akudziwa kuti sichibwerera. Amakadandaula kwa amfumu, apo ayi amangosiyira Mulungu. Mkazi womenyedwa ndi mwamuna wake nthawi zambiri nkhani yake imathera kwa ankhoswe. Choncho chiwerengero cha milandu kupolisi chikatsika, katswiri sathamangira kuomba m'manja. Amayamba wafunsa ngati watsika ndi umbanda kapena chikhulupiriro cha anthu mwa apolisi.

Njira yodziwira zoona ndi kuyenda khomo ndi khomo kufunsa anthu zomwe zidawaonekera. Kafukufuku wotere adachitika m'dziko muno m'chaka cha 2003, motsogozedwa ndi ofesi ya boma yoona za chiwerengero ya National Statistical Office mothandizana ndi bungwe la ku South Africa la Institute for Security Studies. Lipoti lake lidatuluka m'chaka cha 2004 ndi mutu woti Crimes of Need, kutanthauza milandu yobwera ndi kusowa.

Zomwe adapeza zidasiyana ndi zomwe zinkadzaza masamba oyamba a nyuzipepala. Mlandu womwe udavutitsa Amalawi ambiri sudali wa mfuti kapena wolanda galimoto, koma kuba mbewu kumunda, ndipo wachiwiri udali kuba ziweto. Tisaiwale kuti apa nkuti dziko likungochoka mu njala ya m'chaka cha 2002. Ambiri mwa oberedwawo sadakanene kupolisi. Kwa munthu wa m'tauni, mbuzi ziwiri ndi nkhani yaing'ono. Kwa banja la kumudzi, imeneyo ndi fizi ya mwana ndi feteleza wa chaka chonse.

Kuwerenga kotereku kumathandizanso kudziwa poika apolisi ochepa omwe alipo. Mumzinda wa Minneapolis ku America, Lawrence Sherman ndi anzake adaunika mafoni onse omwe anthu adaimbira apolisi m'chaka chathunthu. Zotsatira zomwe adasindikiza m'chaka cha 1989 zidaonetsa kuti theka la mafoni onsewo lidachokera pa malo atatu okha mwa malo 100 alionse. Umbanda sumwazikana ngati mvula, uli ndi pomwe umakonda.

Aliyense wochita malonda pa Jenda, Lunzu kapena Mponela akhoza kuloza malo oterewa ndi chala: pa depoti madzulo, panjira yodutsa kuseri kwa mabala, pakhomo la msika tsiku la msika. Akatswiri ena awiri, Lawrence Cohen ndi Marcus Felson, adafotokoza m'chaka cha 1979 kuti mlandu umachitika zinthu zitatu zikakumana, zomwe ndi munthu wofuna kulakwa, chinthu chosavuta kutenga, ndi kusowa kwa woyang'anira. Kusintha mtima wa munthu kumatenga zaka. Kuika getsi pakanjira kamdima kumatenga tsiku limodzi.

Vakabu ndi ndende

Wina akhoza kufunsa kuti zolembalemba zoterezi zidapulumutsapo ndani. Yankho lili pa nkhani ya vakabu.

Kwa zaka zambiri apolisi ankagwira munthu wongopezeka akuyenda usiku, pogwiritsa ntchito gawo 184 la malamulo a milandu, lomwe mizu yake ili m'lamulo la ku England la m'chaka cha 1824. Aliyense ankadziwa kuti ogwidwa ndi amphawi oyenda pansi, osati oyenda pa galimoto, koma kudziwa kwa m'mitima si umboni. M'chaka cha 2013, mabungwe a CHREAA ndi Southern Africa Litigation Centre adatulutsa lipoti la kafukufuku yemwe adachita ku Blantyre, atasanthula mabuku a m'mapolisi ndi m'makhothi kuti aone yemwe amagwidwa, nthawi yanji, ndipo mlandu wake umatha bwanji.

M'chaka cha 2015, wogulitsa majumbo wina, Mayeso Gwanda, adagwidwa m'bandakucha akupita ku malonda ake ku Limbe. Iye adakana kungovomera mlandu monga ankachitira ambiri pofuna kutuluka msanga m'chitokosi, ndipo nkhaniyo idafika ku bwalo lalikulu. Mwezi wa January 2017 bwalolo lidagamula kuti ndime yomwe adamugwirira ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Maloya ndiwo adayankhula m'khothi, koma njira idali italambulidwa kale ndi anthu omwe adakhala pansi nkuwerenga maina m'mabuku a fumbi. Patatha zaka zisanu, m'chaka cha 2022, bwalo lalikulu lidatsutsanso mchitidwe wa chipikisheni, wogwira chigulu aliyense wopezeka pamalo, pa mlandu womwe udachokera ku Kasungu.

Kundende nako mafunso ndi ambiri. Ndende yaikulu ya Zomba idamangidwa m'chaka cha 1935, ndipo kudzadza kwa ndende za Maula ndi Chichiri ndi nyimbo yakale. M'chaka cha 2009, pa mlandu womwe adakasuma mkaidi Gable Masangano, majaji adati kuthithikana kwa akaidi m'zipinda zosapita mphepo ndi nkhanza, ndipo adapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse vutoli ndi theka. Zaka zidadutsa, madandaulo a kudzadza kwa ndende sadathe.

Kumanga ndende zina nkofunika, koma wophunzira za umbanda amayamba wafunsa kuti m'katimo muli ndani. Angati agamulidwa kale, ndipo angati akungodikira mlandu pa rimandi? Angati adapatsidwa belo koma adalephera kupeza womuimira chikole? Angati akadatha kukagwira ntchito yothandiza anthu kudera kwawo, chilango chomwe makhothi adayamba kupereka m'chaka cha 2000, m'malo mokagona pansi limodzi ndi achifwamba? Munthu wokhala miyezi 6 m'ndende kaamba ka nkhuku amatuluka munda utamera tchire, banja litabalalika, komanso atadziwana ndi aphunzitsi oipa.

Akaphunzire kuti?

Kunja maphunzirowa adakhazikika kalekale. Yunivesite ya Cambridge ku Britain idatsegula sukulu yake ya criminology m'chaka cha 1959, ndipo ku South Africa amaphunzitsa m'mayunivesite angapo, kuphatikizapo ya Cape Town ndi ya Pretoria. Yunivesite ya UNISA imapereka digiriyi kwa ophunzira ali kwawo, zomwe zimakopa anthu omwe ali kale pa ntchito. Koma fizi yake ndi ya ndalama za rand, ndipo banja liyenera kukumbukira zomwe zidachitika mu November 2023, pomwe mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Yemwe amalipirira mwana sukulu yakunja adagona ndi ngongole ina nkudzuka ndi ina.

Kuno kwathu zambiri mwa zomwe zili m'digiriyi zimapezeka pansi pa maina ena. Ku University of Malawi ku Zomba, komwe ambiri amakutchulabe kuti ku Chanco, kuli sociology, psychology ndi malamulo, komanso maphunziro a Law Enforcement Management and Leadership. Ku Mzuzu University kuli Security Studies. Mnyamata wochita sociology yemwe walimbikira statistics, nkulemba kafukufuku wake wa chaka chomaliza pa za kuba ziweto m'boma lakwawo, wachita kale ntchito ya criminology ngakhale dzinalo lisalembedwe pa pepala lake.

Polowera mayunivesite a boma pamafunika satifiketi ya MSCE yokhoza bwino maphunziro 6 kuphatikizapo Chingerezi. Chingerezicho si mwambo chabe ayi. Digiriyi ndi yowerenga ndi kulemba kwambiri, ndipo wodana ndi mabuku adzavutika kuyambira teremu yoyamba.

Sukulu zoti si zaboma zachuluka, zina zabwino, zina zongofuna ndalama. Kholo lisanalipire tambala, lifunse ngati bungwe la National Council for Higher Education lidavomereza sukuluyo komanso maphunziro omwe mwanayo akufunawo, poti ziwirizi nzosiyana. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma digiri inayake isanavomerezedwe. Pepala lochokera kunja nalo limayenera kukaunikidwa ku bungwe lomweli.

Khomo lililonse ndi kiyi wake

Apa ndi pomwe mabanja ambiri amakhumudwa. Wophunzira unamwino akamaliza amakhala namwino, koma womaliza criminology sakhala wapolisi, loya kapena majisitireti chifukwa cha digiriyo. Ntchito iliyonse mwa izi ili ndi khomo lake.

Wofuna upolisi ayenera kudikira kuti boma lilengeze, apambane mayeso ndi zoyeza thupi, kenaka akapirire maphunziro ku Limbe kapena ku Mtakataka monga wina aliyense. Kumeneko digiri siimuchotsera perete wa m'mawa. Ntchito zofufuza milandu ndi kuimira boma m'makhothi a majisitireti, komwe apolisi ndiwo amazenga milandu yambiri, munthu amazipeza ali kale m'kati. Wofuna ntchito ya ndende amadzera ku sukulu ya Mapanga ku Zomba. Wofuna uloya alibe kuchitira mwina koma digiri ya malamulo. Ndipo uja wolota magolovesi ndi zopima magazi akufunika chemistry ndi biology, poti imeneyo ndi sayansi ina, ndipo kupima mitembo ndi ntchito ya achipatala.

Komwe maphunzirowa amalowa mosavuta ndi ntchito zomwe ana ambiri sazidziwa nkomwe. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la m'chaka cha 2010 lidakhazikitsa njira yoti mwana wolakwa asamangothamangitsiridwa kundende. Pamafunika wogwira ntchito ku ofesi yosamalira anthu woti akafufuze za moyo wa mwanayo, kwawo, sukulu yake ndi omwe amamulera, nkulemba lipoti lothandiza bwalo kugamula. Ena mwa anawo amatumizidwa ku malo osinthira khalidwe a Mpemba ndi Chilwa, komwe kumafunikanso anthu omvetsa chomwe chimabweza mwana m'njira. Kuli bungwe lothana ndi katangale la ACB, la Financial Intelligence Authority lomwe limalondola ndalama zokayikitsa, ndi la Independent Complaints Commission lomwe limamva madandaulo a anthu pa apolisi. Mabanki ndi makampani a inshulansi nawo amalemba anthu ofufuza chinyengo, ngakhale kumeneko wodziwa zowerengera ndalama kapena makompyuta ndiye amayamba kuitanidwa. Nchifukwa chake ndi nzeru kuphatikiza criminology ndi luso lina logwirika.

Njira ina idabadwira konkuno. M'chaka cha 2000, mothandizidwa ndi bungwe la Penal Reform International, anthu ochepa odziwako za malamulo koma osakhala maloya adayamba kulowa m'ndende zikuluzikulu kukaphunzitsa a pa rimandi za ufulu wawo. Ankagwiritsa ntchito zisudzo, mkaidi wina nkukhala majisitireti, wina woimira boma, wina nkuyeserera kupempha belo, kuti tsiku lokaonekera m'khothi asakangoti kakasi. Ankalondolanso mafailo osochera ndi kufunafuna achibale a ana omwe agwidwa. Ntchitoyi idakula nkukhala bungwe la PASI, ndipo maiko monga Kenya, Uganda ndi Bangladesh adatengerako njirayi. Ndi ntchito yosatchuka, ya malipiro osalemeretsa, koma yatulutsa anthu ambiri omwe adaiwalika m'zipinda.

Chinthu chimodzi chomwe achinyamata amachipeputsa ndi mbiri yawo. Pafupifupi ntchito zonsezi zimafuna munthu woti sadapezekepo wolakwa pa mlandu, ndipo ambiri olemba ntchito amafunsa kalata yochokera kupolisi yotsimikiza zimenezi. Ndewu imodzi ya ku mpira kapena kandudu ka chamba ali ndi zaka 19 zikhoza kutseka khomo lomwe makolo adagulitsira ng'ombe. Zipsinjo za ntchitoyo nazo si zamasewera. Wogwira ntchito ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa amamva tsiku ndi tsiku nkhani za ana ogwiriridwa, ndipo madzulo amayenera kupita kwawo kukadya nsima ndi ana ake.

Pali njira yosalira ndalama yoyesera ngati mwana ali ndi mtima wa ntchito zoterezi asanalembe dzina la maphunziro pa fomu. Khothi la majisitireti la pa boma ndi lotsegukira aliyense, kupatula pa milandu ya ana ndi ina yomwe bwalo lalamula kuti imvedwe mseri. Mwana wodikira zotsatira akhoza kukakhala kumbuyo kwa sabata imodzi ndi kope m'manja, nkumalemba mlandu uliwonse, zaka za woimbidwa mlandu, ngati ali ndi loya, komanso masiku omwe wakhala m'chitokosi poyerekeza ndi maola 48 omwe gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limalola munthu asanaonekere m'khothi. Pofika Lachisanu adzakhala ndi tsamba la manambala akeake, komanso adzadziwa ngati akufuna kubwereranso Lolemba.